Momwe mungapangire babatoni wolira besi yomveka patali

Gitala ya besi pamodzi ndi ampu yake mtengo wake ndi wosayamba masiku ano, ndiye ngati gulu lanu likusowa mawu apansi aja ogunda pachifuwa, pangani babatoni. Ndi chida cha waya mmodzi chomwe amaimba Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, ndipo a Madalitso Band anachoka nacho m'misewu ya Lilongwe mpaka kukaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017.

Mudziwiretu chimene chimatsitsa mawu. Waya akakhala wamtali, wonenepa komanso wosakungika mopitirira, amanjenjemera pang'onopang'ono, mawu n'kutsika. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi basi. Koma waya payekha samveka patali, amene amakankha mpweya ndi chikopa ndi bokosi. Tsono kabokosi kakang'ono musavutike nako.

Choyamba, zipangizo. Mtengo wa bulugama wowongoka ndi wouma, wotalika mamita 2.5 kapena 3, bokosi lalikulu la matabwa olimba, chikopa cha ng'ombe, misomali ya mitu ikuluikulu, bawuti lalitali ndi waya wa m'tayala. Pa waya apa tsegulani maso. Alipo ena mumsika amene amaotcha matayala kuti achotse waya msanga, n'kumupukuta ndi oyilo kuti aziwala. Waya wopsa ndi wofewa, mukamukunga amangotamuka, mapeto ake n'kuduka pakati pa nyimbo. Pitani kwa omata matayala, nenererani tayala lakutha, mucheke mkombero wake ndi mpeni, musolole nokha.

Chachiwiri, boolani bokosi mbali ziwiri kuti mtengo udutse mkati n'kutulukira pang'ono kumbuyo. Udutse m'munsiko, usadzakhudze chikopa. Pambali siyani bowo lotulukira mawu.

Chachitatu ndi chikopa, ndipo ntchito yonse yagona pano. Pogula chiyang'anitseni padzuwa, chifukwa osenda mothamanga amasiya mabala a mpeni amene saoneka ku mbali ya ubweya, ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Palani mafuta ndi tinyama tonse, apo ayi fungo lake mudzayambana ndi a pakhomo. Ngati ndi chouma, chiviikeni m'madzi usiku wonse, kenako metani ubweya.

Kukunga kumafuna anthu awiri, chikopa chikadali chonyowa. Khomani pakati pa mbali imodzi, mukoke, mukhome mbali yoyang'anizana nayo, muzisinthasintha choncho mpaka kumakona. Changa choyamba ndinachikoka ndi pulayala mpaka mphamvu zonse, n'kuchiyanika padzuwa la mu Okutobala. Chikopa chikamauma chimadzikoka chokha, ndiye pofika madzulo chinali chitang'ambika pamisomali yonse ya mbali imodzi, thabwa nalo litapindika. Kokani mpaka makwinya athe, lekerani pomwepo. Pindani chikopa m'mphepete kuti msomali uboole pawiri, ndipo misomali italikirane zala ziwiri zokha. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo, pamwamba posafika agalu.

Chikauma gogodani ndi chala. Chikamalira mokwera ngati mbalule, chitani zimene amachita oimba ng'oma: matani phula pang'ono chapakati, mawu atsika. Nyengo ya mvula chimalefuka, ingochiwambani pamoto patalipatali.

Chachinayi, mangani waya kumchira kwa mtengo kuseri kwa bokosi, adutse pamwamba pa chikopa, akafike kunsonga kumene mwaboola n'kulowetsa bawuti lokungira. Pakati pa waya ndi chikopa imikani kathabwa kolimba. Kungani pang'onopang'ono nkhope ili kumbali.

Zatsalazo n'zosavuta. Kandodo kudzanja lamanja komenyera waya pafupi ndi bokosi, botolo lopanda kanthu kumanzere loyendetsa pawayapo. Mukaliyandikitsa ku bokosi mawu amakwera, mukalibweza amatsika. Pakatikati penipeni pa waya mupeza liwu lomwe lija la waya wosagwira koma lokwera, lembanipo ndi choko pamtengo. Malo enawo muwapeza ndi khutu, woimba gitala akukupatsani makiyi.