Momwe madokotala amatsimikizira zilonda za m'mimba

Kuwotcha m'munsi mwa chifuwa si umboni wokwanira wakuti munthu ali ndi zilonda za m'mimba. Ndulu ndi mtima nazo zimapweteka chapomwepo. N'chifukwa chake dokotala amayamba ndi mafunso: ululu umabwera mukadya kapena mukakhala ndi njala? Umakudzutsani usiku? Mumamwa mankhwala anji? Funso lomalizali muliyankhe mosabisa. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin, amene ambiri amangogula pagolosale msana ukawawa, amanyula khoma la m'mimba akamwedwa nthawi yaitali.

Choyambitsa china chachikulu ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakapeza mu 1982. Kamayezedwa m'chimbudzi kapena mu mpweya wopuma. Kuyeza magazi kulipo, koma n'kosadalirika kwenikweni, chifukwa kumaonetsabe kachilomboka ngakhale kanafa kale.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, amachepetsa kachilomboka osakapha, ndiye zotsatira zimatuluka zabwino pamene matenda alipo. Musiyeni milungu 2 musanayezedwe, ndipo ma antibayotiki pakhale patadutsa milungu 4 chimwereni. Koma musasiye mankhwala panokha, makamaka aspirin wa mtima. Funsani kaye dokotala.

Chimene chimaonetsa chilonda chenichenicho ndi endoscopy, kuunika m'mimba ndi kamera. Musadye kanthu maola 6 musanaunikidwe, chifukwa nsima yotsalira imaphimba chilonda komanso mutha kutsamwa nayo mukasanza. Amakupoperani mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, mumagonera kumanzere, n'kuluma kapulasitiki koteteza mano. Kenako kapaipi kofewa, konenepa ngati chala chaching'ono, kokhala ndi kamera kunsonga, kamatsika kukhosi mpaka m'mimba ndi poyambira matumbo. Mumageya, m'kamwa mumadzaza malovu, koma mpweya mumapuma bwinobwino. Zonse zimatha pa mphindi 5 mpaka 15. Dikirani dzanzi lithe musanamwe kanthu, ndipo ngati anakubayani jakisoni wogonetsa, musayendetse galimoto kwa maola 24.

Chilonda chikapezeka m'mimba mwenimwenimo, dokotala amatsina tinyama m'mbali mwake kuti tikaunikidwe ku labu, poti khansa imatha kuoneka ngati chilonda wamba. Amakuitananinso pakatha milungu 6 mpaka 8 kuti aone ngati chapola. Chilonda cha poyambira matumbo sichikhala khansa kawirikawiri, choncho nthawi zambiri sabwereza. Amene anamwa mankhwala opha kachilombo kaja ayezetsenso chimbudzi patatha milungu 4 kapena kuposerapo.

Pali zizindikiro zosadikira tsiku la kliniki: kusanza magazi kapena zakuda ngati khofi, chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, kuwonda popanda chifukwa, chakudya kukakamira pomeza, ndi ululu woopsa wadzidzidzi mimba itauma gwa ngati thabwa. Mapilitsi owonjezera magazi nawo amadetsa chimbudzi, ndiye ngati mukumwa, muwatchule mukangofika kuchipatala.