Mukufuna uphungu? Yambirani kunthambi

Ndathamanga ndi makampeni kuno ku Zomba pa zisankho zitatu. Sindinaimirepo ayi. Ine ndi uja wonyamula kope, wodziwa kuti mafuta a lole atha ndiponso kuti amfumu akutiakuti sanalonjeredwe. Achinyamata amandiimitsa pa Mpondabwino n'kumandifunsa kuti, "Bambo, uphungu amauyamba bwanji?" Ndati ndilembe kuti ndisamangobwereza.

Za malamulo n'zachidule. Mukhale nzika ya Malawi ya zaka 21 kapena kuposerapo, dzina lanu likhale m'kaundula wa ovota, ndipo muzitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi moti n'kutsatira zokambirana m'Nyumba ya Malamulo. Ngati muli pa ntchito ya boma, kaya uphunzitsi kaya unamwino, muyenera kuitula musanapereke zikalata ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho. Pamenepo ganizani kawiri, chifukwa mukagwa ntchito ija mudzapeza pali wina.

Nkhani yeniyeni ili kuchipani. Chipani chimayambira kunthambi, kenako eliya, dera la phungu, boma, chigawo, mpaka komiti yaikulu. Ife a ku Zomba zipani zimatiwerengera kuchigawo chakum'mawa pamodzi ndi Machinga, Mangochi ndi Balaka. Ambiri amalakwitsa poyambira kumwamba. Munthu wajambulitsa ndi akuluakulu ku Lilongwe, waika pa Facebook, basi wayamba kudzitcha shado, phungu woyembekezera. Koma tsiku la mapulaimale, chisankho cha m'chipani chopezera woimira, akuluakulu aja kulibe. Oima pamzere kumbuyo kwanu ndi anthu a m'makomiti a maeliya: amayi ogulitsa matemba pa Jali, abambo a kabaza pa Thondwe. Amenewa muwadziwe mayina, mudziwenso amene anadwalitsa mwana mwezi watha.

Ndikuuzeni zomwe zinationekera. Chaka china tinafika pabwalo la mapulaimale tili ndi chikhulupiriro chonse, maeliya tinali titawayendera onse. Poitana mayina tinangomva maeliya achilendo, obadwa usiku womwewo, anthu ake atabwera pa malole awiri. Tinalira, tinalemba kalata yodandaula, yankho silinabwere. Chiyambire pamenepo ndimati mndandanda wa maeliya ndi nthumwi zake muutenge kukadali masabata, wosainidwa ndi gavanala wa dera, ndipo muusunge ngati chiphaso cha munda.

Mukaona kuti akuberani, njira yoima panokha ilipo, ndipo ambiri alowa nayo m'Nyumba. Kungoti zonse zimakhala za m'thumba mwanu, nsalu, mafuta, chakudya cha mamonita, anthu okuyang'anirani mavoti.

Kampeni yovomerezeka ndi ya masiku 60, koma amene amayamba nthawi imeneyo wachedwa kale. Kampeni ya kuno ndi maliro. Pitani, khalani pansi ndi anzanu, pepesani, ndipo musapemphe kulankhula ngati sanakupatseni mpata. Mudzi uliwonse musalowe musanadzere kwa amfumu, ngakhale muli pa changu chotani. Muzidziwanso anthu anu: dera la Asilamu ambiri simuika msonkhano Lachisanu masana, ndipo kwa asodzi a ku Kachulu simukayamba ndi nkhani ya feteleza pomwe iwo akudandaula za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa. Kugawa ndalama pokopa mavoti lamulo la zipani la 2018 linaletsa. Anthu adzakupemphanibe, muphunzire kukana mosanyoza.

Za mamonita ndiye musachite nazo chibwana. Pampando wa phungu palibe za 50+1 ngati pa upulezidenti, woposa mnzake ndi voti imodzi watenga. Pamalo aliwonse oponyera voti pakhale munthu wanu wodziwa kuwerenga, wodya kale, foni ili ndi moto, wosachoka mpaka atasaina ndi kulandira pepala la zotsatira. Ine ndimasankha aphunzitsi opuma ntchito, sagona ndipo sanyengeka ndi kabotolo.

Tsono tinene kuti mwapambana. Mudzapita ku Lilongwe limodzi ndi anzanu, onse 229 malinga ndi madera a chisankho cha pa 16 September 2025 (kale anali 193). Akuluakulu akukumbukira kuti Nyumbayi inali konkuno, likulu litasamuka mu 1975 iyo inatsalira mpaka 1994. Pano ulendo ndi wautali, ndipo ndi umene umameza aphungu. Walira mvula walira matope: foni idzalira usiku, wina akufuna bokosi, wina fizi, wina galimoto yopita kuchipatala. Musasinthe nambala. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera, muzilengeza poyera kuti mlatho uwu wadya zakuti. M'Nyumbamo limbikirani ntchito ya m'makomiti, ndi mmene mumaphunzirira bajeti. Ndipo musanadumphire chipani china werengani gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, mpando ukhoza kulengezedwa kuti ulibe mwini.

Utsogoleri wa chipani umadzera njira yomweyi. Kukonvenshoni ovota ndi nthumwi, magavanala omwe aja ndi makomiti awo a amayi ndi achinyamata. Onani mayi Joyce Banda a ku Domasi kwa Malemia. Anali phungu wa Zomba Malosa, anakhala nduna, mu 2009 wachiwiri kwa pulezidenti. DPP itawachotsa mu 2010 sanasowe pogwira, anayambitsa People's Party mu 2011 ndipo mu April 2012 analowa upulezidenti. Anthu oti ayambe nawo chipani anali nawo kale, ambiri mwa iwo amayi amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri asanalowe ndale.

Chisankho chimabwera pa zaka zisanu zilizonse, choncho nthawi muli nayo. Sabata ino funsani tsiku limene komiti ya nthambi ya kwanu imakumana, mupite wapansi, mutenge kope ndi cholembera. Akafuna mlembi, kwezani mkono.