Momwe wamasalamusi angakulitsire luso lake kuno kuchigwa

Kuno kuchigwa cha Shire amasalamusi alipo ndithu, kungoti sitiwawerengera ngati mmene timachitira ndi oimba kapena azisudzo. Mumawapeza tsiku la msika pa Ngabu, pa Nchalo mwezi ukatha anthu akumizimbe atalandira, pa Bangula, ena amayenda m'masukulu a pulayimale ana n'kusonkha kangachepe. Vuto ndi loti ambiri zomwe ankachita zaka khumi zapitazo ndi zomwezo mpaka lero, mpango womwewo, dzira lomwelo lotuluka kukhutu kwa mwana, nthabwala zomwezo, pomwe ana a masiku ano akuonera TikTok pa foni ya amalume awo ndipo ena chinsinsi cha dziralo akuchidziwa kale. Ndiye munthu luso likamuthera amayamba kudalira mantha a anthu, kumanena kuti ine ndinakakhwimira ku Mozambique, ndipo mavuto amayambira pamenepo. Ngati muli pa ntchito imeneyi kapena mukuifuna, nazi zoti muchite.

Choyamba, tsukani dzina la ntchito yanu

Izi sizikuoneka ngati maphunziro koma zina zonse zikutsamira pompa. Masalamusi a pa siteji ndi ntchito ya zala, pakamwa ndi kudziwa komwe maso a munthu amathamangira, basi. Muzinena zimenezi musanayambe shoo iliyonse, mokweza, kuti abale zomwe muone panozi ndi luso la manja, mulibe mankhwala, mulibe mizimu, aliyense atalimbikira atha kuphunzira.

Ena amaopa kuti akatero anthu sachitanso chidwi. Bodza. Munthu ukamuuza kuti ndikupusitsa ndi manja okha, iye n'kutong'ola maso, koma n'kupusitsikabe, ndi pomwe amakupatsa ulemu weniweni. Komanso pali lamulo la ufiti la 1911 lija, limaletsa kunena mnzako kuti ndi mfiti koma limaletsanso munthu kudzionetsa ngati ali ndi mphamvu za ufiti, ndiye kudzitama kuti ndinu okhwima kutha kukugonetsani mchitokosi. Ndipo tonse tikukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka m'maboma akummwera kuno anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mudzi womwe mwachita shoo Lachiwiri, mwana wina akadwala Lachinayi, simungafune kuti anthu akumbukire kuti munanena kuti muli ndi zithumwa mchikwama.

Chachiwiri, chepetsani masewero, bwererani ku chiyambi

Tengani kope mulembe zonse zomwe mumatha. Kenako chongani zitatu kapena zinayi zomwe mungachite ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku. Zinazo ziikeni kaye pambali. Wamasalamusi wa masewero anayi osalala amaposa wa makumi awiri ogwedera, ndipo kuphunzira kwenikweni kumakhala kukonza zakale zija, osati kuthamangira zatsopano sabata iliyonse.

Maziko ake ndi ochepa. Kubisa kanthu mchikhatho dzanja likuoneka lomasuka ngati mulibe kanthu. Kunamizira kuti mwasamutsa kanthu kupita dzanja lina pomwe katsala komwe kanali. Makapu atatu ndi timipira, sewero lakalekale lomwe ku Roma ankalichita kale zaka pafupifupi 2000 zapitazo, ndipo mkati mwake muli zonse, kusowetsa, kuonetsa, kusamutsa. Chingwe chodula ndi sizasi n'kuchilumikizanso. Zipangizo musavutike nazo, makapu apulasitiki a pa msika wa Dyeratu akukwana, timipira mutha kudula ku siponji yakale ya matiresi, chingwe cha thonje chofewa, zitsekerero za mabotolo, makobidi a K10 aja omwe pano sagulanso kanthu koma kukula kwake ndi kwabwino pophunzirira. Ndalama zapepala musamazing'ambe kapena kuzilemba, kuononga ndalama ndi mlandu, ngati mukufuna sewero long'amba gwiritsani nyuzi.

Chachitatu, pulakatisi, koma ya kuno osati ya mu vidiyo

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Yambani pa galasi, pang'onopang'ono kwambiri, kusuntha kumodzi kokha mpaka zala zizolowere. Pali njira imodzi yomwe ambiri amaidumpha: musanachite zabodzazo chitani kaye zenizeni. Tengani khobidi mulisamutsedi kupita kumanzere, onani mmene phewa likuyendera, mmene maso anu akutsatira, mmene dzanja lotsala likugwera lokha. Kenako chitani zonamizira zija mpaka ziwirizi zifanane. Ambiri amagwidwa chifukwa dzanja lomwe labisa kanthu limauma gwaa ngati lagwidwa ndi nyamakazi, ndipo mwana wa sitandade 3 amaliona.

Koma galasi nalo limanama. Anthu ambiri amaphethira nthawi yeniyeni yomwe akubisa kanthu, osadziwa n'komwe, ndiye pa galasi zonse zimaoneka bwino. Pakatha masiku angapo lisiyeni, tsamiritsani foni pa njerwa muzijambula. Jambulani kutsogolo, kenako kumbali, kenako foniyo muiike pansi iyang'ane mmwamba chifukwa ndi mmene ana okhala pansi kutsogolo amakuonerani, ndipo amenewo ndi omwe amakuwa kuti chili mdzanja ilo! Mavidiyo akunja ambiri amaphunzitsa ngati anthu onse akhala kutsogolo kwanu pa mipando. Kuno pa msika amakuzungulirani mbali zonse, wina ali pa kabaza kumbuyo kwanu, wina wakwera pa ngolo. Ndiye sewero lililonse mulifunse kuti kodi ili lingapirire bwalo lozungulira? Ngati ayi, muzilichita pokhapokha mwatsamira khoma kapena mtengo, kapena lisiyeni.

Nkhani ina ndi kutentha. Okutobala ndi Novembala kuno zimadutsa madigiri 40, manja amakhala chonyowa, makadi apepala amamatana ndi kufufuma, khobidi limaterereka mchikhatho. Munthu amene amachita pulakatisi mbandakucha kokha kukuzizira, akafika pa bwalo 2 koloko masana amadabwa zala zikumukana. Muzipatula nthawi ina yoyeserera masana enieni, mutavala zomwe mumavala pa shoo. Kansalu kopukutira manja kazikhala mthumba, makadi apulasitiki amapirira thukuta kuposa apepala ngakhale amaterera, ndipo jekete lakuda la manja aatali lija lomwe mumaona pa TV kuno ndi chilango chabe. Phunzirani kugwira ntchito ndi malaya a manja aafupi, anthu amadabwa kwambiri akaona kuti mulibe pobisa. Mphepo nayonso, timipira ta siponji timauluka, panja gwiritsani timiyala kapena zitsekerero.

Mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse zimapindula kuposa kudzipanikiza Lamulungu lonse.

Chachinayi, intaneti ndi mabuku

Bandulo ndi yodula, netiweki kumadera ngati Makhanga kapena kutsidya ku East Bank imavuta, ndiye musamangoonera chilichonse. Mukafika pomwe ikugwira bwino dawunilodani mavidiyo awiri atatu a chinthu chimodzi chomwe mukuphunzira mwezi umenewo, muzikaonera kunyumba mobwereza. Pofufuza lembani maina ake a Chingerezi, monga French drop, classic palm, cups and balls, cut and restored rope, ndipo sankhani mavidiyo ophunzitsa osati aja ongoulula chinsinsi mu masekondi 30. Kudziwa chinsinsi ndi kutha kuchita ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Dziwaninso kuti zambiri za pa TikTok ndi zodula ndi kamera kapena anthu odabwawo ndi anzake a wojambulayo, musataye mwezi kuyesa chinthu chomwe mwini wakeyo sangachite pamaso pa anthu.

Amene mumawerenga Chingerezi, mabuku akale ndi abwino kuposa mavidiyo pa chifukwa chimodzi, buku silikupatsani mawu ndi mayendedwe a munthu wina ndiye mumakakamizika kupanga zanu. La makobidi lodziwika kwambiri ndi Modern Coin Magic la J. B. Bobo la 1952. Sayansi ya ku sekondale nayo musainyoze, maginito, mpweya, magalasi. Mu 1856 boma la France linatumiza wamasalamusi Robert-Houdin ku Algeria, ndipo limodzi mwa masewero ake linali kabokosi komwe munthu ankanyamula bwinobwino kenako n'kukanika kukasuntha, chinsinsi chake chinali maginito a magetsi obisika pansi. Cholinga cha atsamundawo chinali kuopseza eni dziko, chimenecho sitikutengera, koma onani kuti munthuyo ankatsatira sayansi ya nthawi yake.

Chachisanu, pakamwa

Theka la ntchitoyi ndi kulankhula. Anthu amayang'ana komwe inu mukuyang'ana, ndipo mukamufunsa munthu funso maso ake amabwera kunkhope kwanu, nthawi imeneyo ndi yomwe dzanja limagwira ntchito. Anthu akamaseka nawonso saona bwino. Ndiye nthabwala zanu zisamangogwa paliponse, muziike pomwe mukufuna maso achoke pa manja. Lembani mawu a sewero lililonse mu kope lija, muwayeserere limodzi ndi manja.

Aphunzitsi a zimenezi ali pafupi. Pitani mukakhale nawo pa gulu la zisudzo la m'dera lanu, onani mmene mkulu wa mwambo pa ukwati amagwirira anthu nthawi ya perekaniperekani, mverani agogo akamakamba nthano mmene amachedwetsera pothera. Ngati mumagwira ntchito kuyambira Nchalo kutsika mpaka Marka koma Chisena simuchidziwa, phunzirani ngakhale moni, kuthokoza ndi nthabwala ziwiri, bwalo limamasuka nthawi yomweyo.

Munthu amene mwamuitana kutsogolo musamuchititse manyazi. Bambo wachikulire mumutchule kuti bambo kapena madala, mayi musawagwire thupi kapena kupisa mchitenje mwawo ati mukutulutsa dzira, zimenezo zinatha. Mwana akhale ngwazi ya seweroli, anthu amuombere mmanja iyeyo. Ndipo sewero lililonse lokhudza kusowetsa ndalama ya munthu, ibwezeni pompo anthu onse akuona, asapite kwawo akuganiza za chitaka.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani wokudzudzulani

Nokha simungadzione. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri a ntchito yomweyi, kaya ali ku Blantyre kaya ku Nsanje, muzitumizirana mavidiyo pa WhatsApp n'kumauzana chilungamo. Ndikudziwa timakonda kubisirana, aliyense amaopa kuberedwa, koma kunjaku anzathu anapanga magulu kalekale. The Magic Circle ya ku London inayamba 1905, bungwe la FISM la 1948 limachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi zaka zitatu zilizonse ndipo mavidiyo a opambana ambiri ali pa YouTube, aonereni kuti mudziwe pomwe luso lafika. Kuno ku Africa kuli College of Magic ku Cape Town yomwe inatsegulidwa 1980, imaphunzitsa ana ndi achinyamata kuphatikizapo ochokera m'makomboni osauka ngati Khayelitsha. Si onse tingafikeko, koma kutsatira tsamba lawo n'kwaulere. Chinsinsi mumabisira oonera, mnzanu wa ntchito mumagawana naye, kungoti mukatenga sewero lomwe wina anapanga yekha mupemphe kaye.

Zomwe simukuyenera kuphunzira pa foni

Kumeza malezala, kulavula moto ndi parafini, kudzikwirira mdothi, kudzimangirira n'kulowa mmadzi. Parafini kadontho kakalowa m'mapapo ndi chibayo choopsa, ndipo mu Shire muli ng'ona, sizofuna kufotokoza. Ngakhale akatswiri zimawapha, Chung Ling Soo anafa mu 1918 ku London mfuti itamuombera zenizeni pa sewero logwira chipolopolo lomwe anali atalichita kwa zaka. Nkhunda ndi akalulu nazo kuno zimafa ndi kutentha mukazibisa mthumba nthawi yaitali, zisiyeni. Ndipo luso la makadi atatu mukalidziwa musakalisandutse wachiona ndani pa depoti, imeneyo ndi juga yobera anthu ndipo ikuonongerani dzina ntchito yonse.

Chomaliza, kuyesa zatsopano pa anthu

Sewero latsopano musaliyambire pa shoo yolipiritsa. Liyeseni kaye pa abale kunyumba, kenako pa anyamata a pa bawo, kenako muliike pakati pa shoo, pakati pa masewero awiri omwe mumawadalira, kuti likaphonyeka anthu aiwale msanga. Mukabwerako lembani mu kope pomwe anaseka, pomwe anayamba kuyang'ana kumbali, amene anakugwirani anaima mbali iti. Konzekeraninso chonena zikalakwika, chifukwa tsiku lina khobidi lidzagwa basi.

Musanachite shoo pa mudzi dutsani kaye kwa amfumu, pa sukulu kwa ahedi ndi komiti, pa msika kwa atcheya, ndipo ngati ndi shoo yaikulu ya mu holo yolipiritsa pakhomo funsani ku khonsolo ndi kupolisi za chilolezo. Kwa amfumu ndi ahedi ndi bwino kuwaonetsa kasewero kamodzi kakang'ono n'kuwaululira mmene kamayendera, akaona okha kuti ndi zala chabe ndi omwe adzakuikireni kumbuyo wina akayamba zonena. Pa ndalama iliyonse ya shoo muzipatulako kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money ka bandulo, makadi atsopano ndi thiransipoti yokwerera ku Blantyre kukaonera anzanu. Luso likakula misika yake imakulanso, maphwando a ana, maukwati, malo ogona alendo kufupi ndi Majete ndi Lengwe, ngakhale mabungwe omwe amafuna wokopa anthu pa misonkhano ya kolera kapena ya kusefukira kwa madzi. Amenewo amafunsa kaye kavidiyo, ndiye khalani nako ka mphindi ziwiri kojambulidwa masana, kosadula, mawu akumveka bwino.