Musanathire madzi, yambani mwaona chomwe chikuyaka

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, udzu kuno ku Zomba umakhala utauma gwa, utsi m'phiri osatha. Tikumbutsane za moto, makamaka inu okazinga tchipisi pa Chinamwali ndi ku Mpondabwino, ndi inu a kabaza osunga petulo m'zigubu kuseri kwa chitseko.

Moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi mpweya. Mukachotsapo chimodzi, wazima. Madzi amachotsa kutentha, n'chifukwa chake amathandiza pa moto wa nkhuni, udzu, mapepala ndi zovala. Pa mafuta ayi. Mafuta ophikira akafika poyaka okha m'chiwaya amakhala atapitirira madigiri 300, pamene madzi amawira pa 100. Mukathira kapu imodzi yokha, madziwo amamira pansi n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, nthunziyo n'kumwaza mafuta oyaka kumaso kwanu mpaka kudenga. Vundikirani ndi chivundikiro kapena lata, ndipo musafulumire kusuzumira, chiwaya chiyambe chazizira.

Petulo ndi palafini zimayandama pamadzi, ndiye madziwo amangoyendetsa moto pabwalo ponse. Kwirirani ndi mchenga kapena dothi. Ukakhala wa mawaya, thimitsani kaye magetsi a nyumba yonse. Wa gasi, tsekani pa silinda ngati mungafikepo osapsa.

M'nyumba moto umayamba modekha: kandulo yagwera katani, khala lagwera pamphasa. Apa ndowa imodzi ikwana. Ukasiyidwa, utsi wotentha umakwera n'kuunjikana kudenga, kumawamba matiresi, mipando ndi matumba a chimanga ali pansi. Kutentha kudengako kukafika madigiri 500 mpaka 600, zonse m'chipindamo zimayaka pamodzi, ngakhale zomwe malawi sanazikhudze. Zimangotenga mphindi zochepa. Mukaona utsi wakuda ukutsika kufika m'mutu, nthawi yozimitsa yatha. Tulukani chokwawa, poti mpweya wabwinoko uli pansi, mutseke chitseko kuti moto usapeze mpweya wina, muitane ozimitsa moto a kukhonsolo. Ambiri omwe amafa pa ngozi zotere amawapha ndi utsi, malawi asanawafike, ndiye zobwerera kukatenga wailesi kapena ndalama za pansi pa pilo zisiyeni.

Kutchire moto umathamanga kwambiri pokwera, chifukwa malawi amayamba kuwamba udzu wa kumtunda asanaufike. Anyamata osaka mbewa akayatsa m'munsi mwa phiri, mphepo n'kuwomba, mitengo ya paini yomwe yatenga zaka kukula imapita tsiku limodzi. Musaime kumtunda kwa moto. Lambulani njira kuzungulira nkhalango, nkhokwe ndi khola udzu usanaumitsitse. Malawi akatha musachoke msanga: masamba ouma a paini ndi zitsa zimasunga moto pansi mpaka mawa lake, choncho fukulani ndi khasu, muthire madzi kapena dothi mpaka utsi utaleka.