Kachunidwe ka gitala poimba emo

Emo, mtundu wa nyimbo za rock, inabadwira ku Washington, D.C., ku America, cha m'ma 1985, pamene magulu ngati Rites of Spring anayamba kuimba hardcore punk (rock yothamanga ndi yaphokoso) yotulutsa zakukhosi. Dzinali ndi chidule cha "emotional hardcore". Koma kulira kwa gitala kumene ambiri amakutcha emo lero kunachokera kuchigawo cha Midwest ku America komweko m'zaka za m'ma 1990, ndipo chinsinsi chake chagona pa kachunidwe.

Yambani ndi gitala yochunidwa mwachizolowezi, E A D G B E. Nsambo yaikulu ya pamwamba ikungeni pang'ono ifike pa F. Yachinayi kuchokera pansi, ya D, imasuleni itsikire pa C. Yachiwiri, ya B, ikwezeni ifike pa C. Zina zitatuzo musazikhudze. Mukatero mwapeza F A C G C E, mmene gulu la American Football linachunira nyimbo ya "Never Meant" mu 1999.

Kungani pang'onopang'ono, nsambo ya B ikakhala yakale sichedwa kuduka. Mukamaliza bwerezaninso kuchuna zonse, chifukwa kusintha nsambo imodzi kumasokoneza zinzake.

Pa ampulifaya chepetsani distortion, imene imachititsa gitala kulira mosasa mawu. Ikachuluka, nsambo zolira osazigwira ndi chala zimangomveka ngati phokoso. Dinani nsambo imodziimodzi, zina zizingolira zokha.