Kodi kuwonjezera RAM kungathandize laputopu pa magemu?

"Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8GB, magemu amangokakamira. Ndiwonjezere RAM?" RAM ndi memory imene laputopu imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, koma kuti kuiwonjezera kuthandize zimatengera chimene chikuperewera, ndiye musathamangire kugula.

Poyamba yatsani gemuyo, kenako dinani Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager ya Windows, mupite pa Performance, musankhe Memory. Ikakhala yatsala pang'ono kudzaza, RAM ndiyo ikuchepa, ndipo 16GB ichepetsa kukakamirako. Ikakhala pa theka, vuto lili kwina: GPU (gawo lopanga zithunzi zimene mumaona pa sikirini), kutentha, kapena hard disk yakale yofunika kuisintha ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga kwambiri).

Pomwepo yang'anani pamene palembedwa "Slots used", kutanthauza mipata ya RAM imene ikugwiritsidwa ntchito. Ngati akuti 1 of 2, ndipo laputopu yanu imadalira magrafiki a m'kati mwa purosesa monga Intel Iris Xe, kuika RAM yachiwiri yofanana kukula kumatsegula dual channel (RAM ziwirizo kugwira ntchito nthawi imodzi). Magrafiki amenewa alibe memory yawoyawo, amabwereka ku RAM, choncho ma FPS (kuchuluka kwa zithunzi za gemu pa sekondi) amakwera moonekeratu. Koma ngati muli ndi khadi la magrafiki la NVIDIA, musayembekezere zodabwitsa, lili kale ndi memory yakeyake yotchedwa VRAM.

Musanagule tsimikizani mtundu: SO-DIMM (RAM yaing'ono ya malaputopu) ya DDR4 kapena ya DDR5. Ziwirizi sizilowana, kampata kake kali pamalo osiyana. Malaputopu ena opyapyala, ngakhalenso MacBook za M1 kupita mtsogolo, RAM yake siichoka, ndiye musataye ndalama.

Poika, zimitsani laputopu, zulani chaja, tsegulani pansi, chotsani waya wa batire. Lowetsani RAM mopendekeka, muikanikize mpaka tizitsulo tam'mbali titagwira. Tsekani, yatsani, mubwerere ku Task Manager mukaone ngati ikuwerenga 16GB.