Kokacheza ndi ana ku Zomba kosaboola m'thumba

Chilimwe chino ana asangobindikira pakhomo poti ndalama zavuta, phiri la Zomba tili nalo pompano. Nyamukani 6 koloko m'mawa dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, mukwere pang'onopang'ono mpaka ku damu la Mulunguzi. Ngati ana ndi aang'ono, kathereni ku Botanical Gardens, munda wa mitengo ndi maluwa, m'munsimu, mthunzi ulipo wokwanira.

Kamba konzerani kunyumba: mbatata yootcha, mtedza wokazinga, thobwa, ndi madzi malita awiri pa munthu. Botolo la thobwa likulungeni m'chitenje chonyowa, apo ayi lisasa pofika masana. Zakudya zikhale m'chikwama chotseka, chifukwa anyani akumtunda kuja akaona jumbo m'manja mwa mwana amangotsomphola.

Padamu ana asasambe, mpakuya, komanso madziwo ndi omwe timamwa m'tauni muno. Moto osayatsa, udzu wauma kale.